Magazi a mumchombo: mbewu yochepa, munda waukulu

Usiku womwe mng'ono wanga anachira pachipatala china kuno ku Dedza kunkazizira koopsa, kuzizira kwa mu Julayi kuja kolowa mpaka m'mafupa. Ine ndi azakhali tinali pakhonde, aliyense atadzikulunga zitenje ziwiri. Khanda litalira m'katimo, sipanapite nthawi tinaona wantchito wina akutuluka ndi ndowa yovundikira, tochi kumanja, n'kulowera kuseri kwa wodi.

"Kodi zija akupita nazo kuti?" anandinong'oneza azakhali.

Ndinawauza kuti kuseriko kuli dzenje lotayamo nsengwa. Anapukusa mutu. M'masiku awo, akuti, nsengwa sinkanyamulidwa ndi mlendo. Ankakwirira ndi amayi akuluakulu okhaokha, malo ake osauza munthu, kuopa a mitima yoipa. Ine pofuna kuthamangitsa tulo ndinawonjeza kuti kumayiko ena magazi otsalira mumchombo ndi munsengwa sataya. Amawakoka, n'kuwasunga pozizira zaka ndi zaka, tsiku lina n'kudzapulumutsira munthu wodwala khansa ya m'magazi.

"Iwe, usandiyambe usiku uno. Si anamapopa amenewo?"

Sindinawaseke, chifukwa mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, ndipo nkhani ya magazi kwathu kuno siyoseweretsa. Koma zomwe ndinawauzazo n'zoona, ndipo zakhala zikuchitika kuyambira 1988. Chatsopano n'chakuti akatswiri tsopano atha kutenga maselo ochepa a m'magazi amenewa n'kuwachulukitsa mu labotale asanawapereke kwa wodwala. Kuti timve chomwe avutikira nazo zaka zonsezi, tiyambe ndi magazi enieniwo.

Magazi a munthu sakhalitsa. Maselo ofiira, onyamula mpweya aja, amakhala masiku pafupifupi 120 n'kufa. Tizidutswa tothandiza magazi kuundana pabala timatha masiku ngati 10. Asilikali ena a m'thupi, otchedwa manyutirofilo, omwe ndi oyamba kuthamangira mabakiteriya akalowa, sachedwa n'komwe, tsiku limodzi lokha ambiri atha kale m'magazimo. Ndiye thupi limangokhalira kupanga ena, maselo ofiira okha pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Ntchitoyi imachitikira m'mafuta a m'mafupa, makamaka mafupa a m'chiuno, a pachifuwa ndi a msana.

M'menemo muli kagulu kochepa kwambiri ka maselo komwe pa Chingerezi amati stem cells. Ine ndiwatchula kuti maselo a mbewu, chifukwa ndi mmene amagwirira ntchito. Mlimi wa kachewere ku Bembeke kapena ku Tsangano sagulitsa zokolola zonse pamsewu. Amapatula ina n'kuisunga pamthunzi kuti idzakhale mbewu. Selo la mbewu nalonso likagawanika, mbali ina imapita kukakhwima n'kukhala selo lofiira, msilikali kapena kachidutswa koundanitsa magazi, koma mbali ina imatsala ili mbewu. Kutsalako ndiye nkhani yonse. Selo lomwe lakhwima silibwereranso m'mbuyo, monga mbatata yomwe yalowa m'chiwaya cha tchipisi singabzalidwenso. James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto ndiwo anaonetsa mu 1961, poyesa pa mbewa, kuti maselo otere alipodi.

Munthu akadwala khansa ya m'magazi, kapena mafupa ake akaleka kupanga magazi, kapena akabadwa ndi matenda monga sikoselo, vuto limakhala m'munda momwemo. Njira imodzi ndi kugalauza munda wonse n'kubzala mbewu ya munthu wina. Ambiri akamva zimenezi amaganiza za opaleshoni yong'amba mafupa. Ayi. Wodwala amapatsidwa kaye mankhwala amphamvu a khansa, nthawi zina pamodzi ndi cheza chowotcha, mpaka mafuta a m'mafupa ake atafa. Kenako maselo atsopano amalowa ndi diripu, ngati mmene amaikira magazi munthu wochita ngozi. Maselowo amayenda okha m'mitsempha mpaka kukapeza malo awo m'mafupa.

Choopsa chili pakati apo. Munda wakale wapsa, watsopano sunamere. Wodwala amakhala m'chipinda chayekha, asilikali m'thupi mulibe, moti kachilombo komwe inu ndi ine sitingakamve n'komwe kangathe kumupha. Magazi oikidwa ndi tizidutswa toundanitsa tija amalandira pafupipafupi. M'mawa uliwonse amamutenga magazi kukawerenga manyutirofilo, ndipo madokotala amati mbewu yagwira akaona afika 500 pa kadontho ka maikulolita imodzi kwa masiku atatu otsatizana. Tsiku lililonse lodikira ndi tsiku lomwe malungo a mabakiteriya kapena mafangasi angalowe. Muzikumbukira masiku amenewa, chifukwa zonse zomwe zikubwerazi n'zofuna kuwachepetsa.

Vuto lachiwiri ndi kupeza mwini mbewu. Apa sitikunena za gulu la magazi lija la A, B kapena O. Pafupifupi mitundu yonse ya maselo a munthu ili ndi zizindikiro zotchedwa HLA, zomwe asilikali a m'thupi amadziwira kuti uyu ndi wathu, uyu ndi mlendo. Zizindikirozi zikasiyana kwambiri, thupi limakana mbewu yatsopanoyo, kapenanso, choopsa kwambiri, asilikali obwera ndi mbewuyo amaukira mwini nyumba: khungu, matumbo, chiwindi. Theka la zizindikirozi timatengera kwa mayi, theka kwa bambo, choncho mwayi woti m'bale wa bere limodzi afanane nawe kotheratu ndi umodzi pa inayi. Wosowa m'bale wotere amakafufuza m'kaundula wa anthu odzipereka. Koma ife a mu Africa zizindikiro zathu n'zamitundumitundu kuposa anthu ena onse padziko, ndipo m'makaundulawo tilimo ochepa. Ku America bungwe losunga kaundula linawerengera kuti mzungu ali ndi mwayi wa 79 pa 100 wopeza wofanana naye, pomwe munthu wakuda ali ndi 29 pa 100.

Apa ndi pomwe mchombo unalowera. Hal Broxmeyer wa ku Indiana University ndi anzake anapeza kuti magazi otsala mumchombo ndi munsengwa mwana atabadwa ali ndi maselo a mbewu amphamvu, ndipo atha kuumitsidwa n'kudzasungunulidwa ali amoyo. Mu Okutobala 1988, kuchipatala cha Saint-Louis ku Paris, dokotala Eliane Gluckman anaika magazi otere mwa mnyamata wa zaka zisanu wa ku America yemwe anali ndi matenda obadwa nawo a Fanconi. Magaziwo anali a mlongo wake wakhanda. Mnyamatayo anachira, n'kukula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Pablo Rubinstein anatsegula nkhokwe yoyamba yosungira magazi a mumchombo oti athandize aliyense ku New York Blood Center, ndipo mu 1993 Joanne Kurtzberg wa ku Duke University anaika magazi a khanda mwa mwana yemwe sanali m'bale wake. Pofika pano anthu opitirira 40,000 alandira magazi a mumchombo padziko lonse.

Katengedwe kake n'kosavuta. Mayi amavomera kaye asanachire. Mwana akabadwa, mchombo n'kumangidwa ndi kudulidwa, mzamba amabaya jakisoni mumtsempha wa mbali yotsala kunsengwa, magazi n'kutsikira m'thumba. Mwana sakhudzidwa, mayinso samva kanthu. Thumbalo amaliyeza matenda, amalemba zizindikiro zake za HLA, n'kuliika mu nayitirojeni wamadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Broxmeyer anasungunulapo magazi omwe anakhala motero zaka zopitirira 20, maselo ake anali akugwirabe ntchito.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti asilikali a khanda sanaphunzire ndewu. Sanakumanepo ndi matenda, choncho saukira mwini thupi msanga ngati a munthu wamkulu. N'chifukwa chake thumba lofanana ndi wodwala pa zizindikiro 4 zokha mwa 6 limatha kugwiritsidwa ntchito, zomwe kwa munthu wosowa wofanana naye ndi khomo lotseguka. Komanso thumbalo lili kale pashelefu. Sipafunika kuyamba kusakasaka munthu yemwe analembetsa zaka khumi zapitazo, mwina anasamuka, mwina wasintha maganizo.

Tsono vuto lake ndi limodzi, ndipo mlimi aliyense alimvetsa. Mbewu ndi yochepa. Mumchombo umodzi mumatuluka magazi osadzaza ndi kapu ya tiyi yomwe, kawirikawiri mamililita osafika 100, ndipo maselo ake amachepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi omwe amatengedwa m'mafupa a munthu wamkulu. Madokotala amafuna maselo osachepera 25 miliyoni pa kilogalamu iliyonse ya thupi la wodwala. Mwana wa makilogalamu 20 afunika 500 miliyoni, ndipo matumba ambiri akwanitsa. Bambo wa makilogalamu 70 afunika 1,750 miliyoni, pomwe thumba wamba la m'nkhokwe limakhala ndi pafupifupi 1,000 miliyoni. Zili ngati kukupatsani ndowa imodzi ya mbewu kuti mubzale ekala yonse. Idzamera, koma mopatukapatuka, ndipo udzu udzayamba ndiwo kutseka. Kwa wodwala, ndiye kuti masiku odikira aja amatalika: masabata atatu kapena anayi, pomwe wolandira kuchokera kwa munthu wamkulu amadikira awiri kapena atatu. Ena mbewu siigwira n'komwe.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, John Wagner ndi Juliet Barker a ku University of Minnesota anayesa njira yachidule: kuika matumba awiri a makanda awiri mwa munthu mmodzi. Zinathandiza kuti akuluakulu nawonso azilandira, koma kudikira sikunafupike kwenikweni, mtengo unawirikiza, ndipo chodabwitsa n'chakuti matumba awiriwo amalimbana m'thupimo mpaka limodzi lokha ndilo limatsala.

Njira yooneka yanzeru inali yodziwikiratu. Mbewu ikachepa, ichulukitse kaye panazale. Koma apa ndi pomwe akatswiri anakhalira zaka pafupifupi 20 akugunda khoma.

M'mafupa, selo la mbewu silikhala lokha. Limakhala pakangodya kake, litazunguliridwa ndi maselo ena omwe amaligwira ndi kulitumizira mauthenga, ndipo nthawi yambiri limangogona, osagawanika. Mukalichotsa pamenepo n'kuliika m'botolo, mutha kulidzutsa ndi timadzi ta m'thupi tolamula maselo kukula, tomwe akatswiri anaphunzira kupanga. Limagawanikadi, mofulumira, botolo n'kuchita mbuu ndi maselo. Koma ukawayeza, ambiri asiya umbewu, ayamba kale ulendo wokakhwima. Mwachulukitsa ndiwo, mbewu yatha. Kafukufuku woyambirira pa odwala anasonyeza zomwezo: maselo ochulukitsidwa motere sanavulaze munthu, koma sanafupikitsenso kudikira. Funso linasintha. Silinalinso lakuti tiwachulukitse bwanji, koma lakuti tiwaletse bwanji kukhwima pamene akuchulukana.

Mayankho anabwera kuchokera mbali zingapo, ndipo lililonse lili ndi nzeru yakeyake. Ku Seattle, Colleen Delaney ndi Irwin Bernstein a ku Fred Hutchinson anapaka pansi pa botolo puloteni yomwe imakhudza kachizindikiro ka pa selo kotchedwa Notch, ngati kulinamiza selolo kuti likadali kwawo m'fupa. Mu 2010 analengeza kuti maselo okhala ndi chizindikiro cha CD34, chomwe amawerengera maselo a mbewu ndi ana ake oyamba, anachuluka ka 164, ndipo odwala anadikira masiku 16 m'malo mwa 26. Ku MD Anderson ku Houston, Elizabeth Shpall ndi Marcos de Lima anayala kaye pansi maselo othandizira a m'mafupa, n'kulera a mumchombo pamwamba pake. Mu 2012 anapeza masiku 15 m'malo mwa 24. Panabweranso mankhwala otchedwa StemRegenin 1, omwe pa odwala a ku Minnesota anachulukitsa maselo a CD34 ka 330.

Koma m'mayesero oyambawa munali chenjezo. Poopa kutaya moyo wa munthu, madokotala ankaika matumba awiri, lina lochulukitsidwa, lina losakhudzidwa. Ku Seattle ndi ku Houston, atayeza patapita miyezi, mwa odwala ambiri magazi ankachokera m'thumba losakhudzidwa lija. Lochulukitsidwalo linali ngati bonongwe womera ndi mvula yoyamba: wakupulumutsani ku njala ya ndiwo masabata oyamba, koma si iye wodzadzaza nkhokwe. Chifukwa chimodzi chinali chakuti pochulukitsa ankataya asilikali a thumbalo, choncho polimbana ndi linzake linkagonja.

Njira yomwe inafika patali inachokera ku kampani ya ku Israel yotchedwa Gamida Cell, ndipo chida chake n'chinthu wamba modabwitsa: nikotinamaidi, mtundu wa vitamini B3. Musathamangire kufamase, kumwa vitaminiyu sikuchulukitsa maselo a mbewu m'thupi mwanu, ntchito yake pano ndi ya m'botolo. Amasungunula thumba limodzi, n'kusankhamo maselo a mbewu ndi timaginito tomwe timamatira pa chizindikiro china cha pa selo. Otsalawo, momwe muli asilikali, sawataya, amawaumitsanso. Osankhidwa aja amawalera masiku 21 m'madzi okhala ndi zokulitsira pamodzi ndi nikotinamaidi, yemwe amachedwetsa kukhwima ndi kuthandiza maselowo kudzapeza njira ya m'mafupa. Tsiku loika, wodwala amalandira mbali zonse ziwiri, mbewu yochulukitsidwa ndi asilikali ake omwe.

Mitchell Horwitz wa ku Duke anatsogolera kuyesa kwakukulu pa odwala 125, omwe anawagawa mwamaere, ena kulandira maselo ochulukitsidwawa, ena magazi a mumchombo a masiku onse. Oyambawo anadikira masiku 12, enawo 22. Matenda aakulu a mabakiteriya ndi mafangasi anagwira anthu 39 pa 100 m'gulu loyamba, 60 pa 100 m'gulu lachiwiri, ndipo oyambawo anatuluka m'chipatala msanga. Pa 17 Epulo 2023 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza maselo ochulukitsidwa moterewa, omidubicel, omwe pamsika amatchedwa Omisirge, kwa odwala khansa ya m'magazi a zaka 12 kupita m'tsogolo.

Ku Montreal, Guy Sauvageau ndi Anne Marinier anapeza mankhwala ena omwe anawatcha UM171, zilembo ziwirizo ndi za yunivesite yawo. Awa amalera maselo sabata imodzi yokha. Chomwe chimandikopa ine pa njira imeneyi si liwiro ayi, koma ufulu wosankha. Kale dokotala ankakakamizika kutenga thumba lalikulu ngakhale losafanana bwino ndi wodwala, n'kusiya laling'ono lofanana naye kwambiri. Ngati laling'onolo lingachulukitsidwe, matumba ambirimbiri omwe ankangogona m'nkhokwe ayamba kukhala ndi ntchito, ndipo opindula kwambiri ndi aja osowa wofanana nawo. Mu 2025 mayiko a European Union anavomereza maselo ochulukitsidwa ndi UM171, m'dzina la Zemcelpro, kwa akuluakulu omwe alibe wina wowapatsa.

Tsono tisakokomeze. Chomwe chapindulidwa ndi masiku khumi. Kwa munthu wogona m'chipinda chija wopanda msilikali ndi mmodzi yemwe, masiku khumi si pang'ono, ndipo amene anadikirirapo wodwala wa malungo osatsika akudziwa kutalika kwa usiku umodzi. Koma pakuyesa kwa omidubicel kuja, kuukira kwa asilikali obwera sikunasiyane kwenikweni m'magulu awiriwo, ndipo chiwerengero cha odwala sichinakwane kutsimikizira kuti ochulukitsiridwa maselo amakhala moyo wautali kuposa anzawo. Khansa imathabe kubwerera. Masabata atatu olera maselowo nawonso ndi nthawi, ndipo khansa ina siidikira. Ndiye pali mtengo: kampaniyo inaika madola 338,000 pa wodwala mmodzi, ndalama zoposa theka la biliyoni ya makwacha, osawerengera chipatala, mankhwala ndi magazi oikidwa.

Palinso mpikisano womwe ochulukitsa maselo sanauyembekezere. Madokotala a ku Johns Hopkins ku Baltimore anapeza kuti wodwala atha kulandira mbewu kwa m'bale wofanana naye theka lokha, monga mayi, bambo kapena mwana wake, bola patapita masiku atatu ndi anayi apatsidwe mankhwala akale otchipa otchedwa cyclophosphamide, omwe amapha asilikali aukali aja. Pafupifupi aliyense ali ndi m'bale wotere. Njirayi itafala, kugwiritsa ntchito magazi a mumchombo kunatsika m'mayiko ambiri. Kunena mosabisa, ngati tsiku lina Malawi adzayambe kuika maselo a mbewu, ndikuona kuti adzayambira kwa abale, osati kubotolo la masiku 21.

Pakali pano chithandizo chotere kuno kulibe. Wodwala khansa ya m'magazi wochokera ku Dedza kapena Ntcheu amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo wofunika kuikidwa maselo amayenera kupita kunja, kawirikawiri ku India kapena ku South Africa. Si kuti n'zosatheka kuchigawo chathu chino: South Africa ili ndi kaundula wa odzipereka kuyambira 1991, ndipo ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba mu 2023 kuika mafuta a m'mafupa mwa ana a sikoselo, pogwiritsa ntchito abale awo. Koma taganizani zomwe zimafunika pansi pake. Magetsi osathima ndi mphindi imodzi. Nayitirojeni wothiridwa mosadumphitsa zaka makumi awiri. Labotale yoyeza HLA. Mankhwala a mafangasi okhalapo nthawi zonse. Koposa zonse, magazi wamba ochuluka, chifukwa wodwala mmodzi wotere amalandira matumba ambirimbiri, pomwe a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana asukulu, ndipo sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Denga silingayambe maziko asanakumbidwe.

Komabe nkhaniyi ikutikhudza kale m'njira ziwiri, ndipo yoyamba ndi ya m'thumba. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda anthu ogulitsa timapaketi ta ufa tomwe amati ndi stem cell, tochiza shuga, BP, khansa, sitiroko, kusabereka, zonse pamodzi. Mnzanga wina wogulitsa kabichi pa Lizulu anatsala pang'ono kulowetsa mpamba wake wonse pogulira amayi ake. Mwaona m'mwambamu chomwe chimafunika kuti selo la mbewu likhale lamoyo: kuzizira kwa madigiri 196 pansi pa ziro, kufanana kwa HLA, diripu, chipinda chayekha. Selo silingakhale moyo mu ufa wa m'paketi yoyenda m'chikwama padzuwa, ndipo chilichonse chomezedwa chimagayidwa m'mimba ngati nsima. Ngakhale maselo enieni a mumchombo, ntchito yawo yotsimikizika ndi ya matenda a magazi, a chitetezo cha m'thupi ndi ena ochepa obadwa nawo. Zina zonse zikadali zoyesa.

Ena anamvanso za mayi wa ku New York yemwe mu 2022 analengezedwa kuti HIV sikupezekanso m'thupi mwake. N'zoona. Anali ndi khansa ya m'magazi, ndipo mu 2017 anaikidwa magazi a mumchombo a khanda lomwe linabadwa ndi chibadwa chosowa kwambiri, chotseka khomo lomwe kachilomboka kamalowera m'maselo. Koma anachita zimenezi chifukwa cha khansa yomwe ikanamupha. Palibe dokotala angawotche mafupa a munthu yemwe akukhala bwinobwino ndi ma ARV, chifukwa kuikidwa maselo kumapha anthu ambiri kuposa mmene HIV yomwera mankhwala imaphera.

Chomwechonso ndi makampani a kunja omwe amalipiritsa makolo kuti asungire mwana magazi a mchombo wake womwe. Ngati mwanayo ali ndi sikoselo, mbewu yake ili ndi sikoselo yomweyo, siingamuchize. Yothandiza ndi ya m'bale wake wopanda matendawa yemwe akufanana naye, ngati zinachitikira ku Paris zija.

Njira yachiwiri ndi yapafupi kwambiri, ndipo ili m'manja mwa mzamba wa ku Lobi, ku Kasina kapena ku Mua usiku uno. Magazi a mumchombo mwini wake woyamba ndi khandalo. Mwana akangobadwa, nsengwa imapitiriza kumukankhira magazi kwa mphindi zingapo, ndipo m'magazimo muli ayironi womuthandiza miyezi yoyambirira. Bungwe la WHO limalangiza kuti mchombo usamangidwe mphindi imodzi isanathe, adikire pakati pa imodzi ndi zitatu, pokhapokha mwana akufunika kuthandizidwa kupuma mwamsanga. Kudikirako kumachepetsa magazi otsala oti n'kusunga, ndipo nkhokwe za kunja zimadziwa zimenezi. Kuno, komwe ana ochepa magazi amadzaza m'mawodi nyengo ya malungo, palibe chokambirana: ayambe walandira mwini wake. Kuchulukitsa kwa mu labotale kuli ndi phindu pamenepanso, chifukwa ngati kathumba kakang'ono kangakwanire munthu wamkulu, palibenso chifukwa chothamangira kumanga mchombo.

Kutacha, titaloledwa kulowa, ndinamufunsa mng'ono wanga ngati anaona zomwe anamwino anachita. Anati mwana anamugoneka pamimba pake, n'kumupukuta, n'kumufunditsa, ndipo mayiyo anaima kaye atagwira mchombo ndi zala ziwiri, maso ali pawotchi ya pakhoma, kenako ndi pomwe anatenga zomangira. Iye ankaganiza kuti mwina sizasi yasowa.